Kafue: Madzi Akachepa, Utsi Umachuluka

KAFUE, Zambia – Tauni ya Kafue ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kumwera kwa mzinda wa Lusaka. Kunsi kwa tauniyi, pomwe mtsinje wa Kafue umalowa m'mapiri pa ulendo wake wokakumana ndi Zambezi, kuli malo awiri akuluakulu opangira magetsi: Kafue Gorge Upper, omwe amatha kutulutsa mamegawati 990, ndi Kafue Gorge Lower a mamegawati 750, omwe Pulezidenti Hakainde Hichilema anawatsegulira m'mwezi wa March 2023. Komabe m'chaka cha 2024, pomwe kampani ya ZESCO inafika pozimitsa magetsi kwa maola 21 pa tsiku, anthu a ku Kafue Estates ankagona mumdima mofanana ndi anzawo a ku Chipata ndi ku Kitwe, nthambo zikuluzikulu zonyamula magetsi zikudutsa m'dera lawo lomwelo.

Pa misonkhano ya kusintha kwa nyengo, makampani amauzidwa zinthu ziwiri: agwiritse ntchito magetsi ndi mafuta mosamala, ndipo achepetse mpweya wa kaboni womwe umatenthetsa dziko. Ku South Africa, komwe magetsi ambiri amachokera ku malasha, uthengawu ndi wosavuta kuumva, chifukwa babu lililonse loyaka lili ndi utsi wake ku Mpumalanga. Ku Zambia zinthu sizili choncho. Kwa zaka zambiri, magetsi oposa 80 peresenti m'dzikoli akhala akuchokera ku madzi, kotero kuti fakitale yoyendera magetsi a ZESCO m'chaka cha mvula yabwino imatulutsa mpweya woipa wochepa kwambiri poyerekeza ndi inzake ya ku Johannesburg. Utsi wa amalonda a ku Zambia umayamba pamene magetsi athima: jenereta ikalira, mbaula ikayatsidwa, malasha akathiridwa m'ng'anjo. N'chifukwa chake ku Kafue nkhani yosamala magetsi ndi nkhani yochepetsa utsi ndi imodzi, ngakhale kuti boma ndi eni makampani amazikamba ngati nkhani ziwiri zosiyana.

Tauni yomangidwa pa magetsi otsika mtengo

Kafue Estates si mudzi womwe unangomera wokha. Unamangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 pansi pa bungwe la boma la INDECO, kuti ukhale mokhala antchito a m'mafakitale omwe boma la Kenneth Kaunda linkakhazikitsa m'tauniyi. Zifukwa zake zinali za ndale. Azungu a ku Rhodesia atadzilengeza okha kuti ndi odziimira mu 1965, dziko la Zambia linapezeka kuti malasha ake akuchokera ku Wankie, magetsi ake akuchokera ku makina omwe anali tsidya la kumwera kwa Kariba, ndipo katundu wake wambiri akudutsa m'manja mwa adani ake. Mgodi wa malasha wa Maamba, damu la Kafue Gorge ndi mafakitale a ku Kafue zonse zinabadwa chifukwa cha mantha amenewo.

Fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia, yodziwika kuti NCZ, inayamba ntchito mu 1970. Fakitale ya nsalu ya Kafue Textiles of Zambia inalemba anthu ochuluka, ndipo panalinso malo ofufutira zikopa a kampani ya Bata ndi fakitale ya yisiti. Makina oyamba a Kafue Gorge anayamba kutulutsa magetsi mu 1971, ndipo pofika 1977, damu la Itezhi-Tezhi litatha ndipo makina a tsidya la kumpoto kwa Kariba atayamba kugwira ntchito, dziko la Zambia linali ndi magetsi oposa omwe linkawafuna. Otsala ankagulitsidwa kunja.

Apa ndi pomwe panayambira chizolowezi chomwe chikuvutitsa amalonda lero. Kwa zaka pafupifupi makumi atatu magetsi anali ochuluka ndiponso otsika mtengo kuposa m'maiko ambiri a m'chigawo chino cha Africa. Mwini fakitale wogula mota sankafunsa kuti idya magetsi ochuluka bwanji. Ankangofunsa mtengo wake. Mota ikapsa inkakulungidwanso waya, kachiwiri, kachitatu, ndipo nthawi iliyonse inkabwerako ikudya magetsi ochulukirapo. Mapaipi a nthunzi ankasiyidwa osakutidwa. Sikunali kupusa: munthu sayeza madzi a m'chidebe atakhala m'mbali mwa mtsinje. Nalo boma silinamange malo ena aakulu opangira magetsi kuyambira 1977 mpaka pomwe makina owonjezera a Kariba North Bank anamalizidwa cha m'ma 2013 ndi 2014, pomwe migodi inali itatsitsimuka ndipo mizinda itakula.

Mtengo wa magetsi unasanduka nkhani ya chisankho. Mu December 2015 mtengowu unakwezedwa, koma mwezi wotsatira Pulezidenti Edgar Lungu analamula kuti ubwerere pakale. Mu 2017 unakwera ndi 75 peresenti m'magawo awiri, unakweranso mu January 2020, ndipo mu 2023 bungwe loyang'anira za mphamvu la Energy Regulation Board linavomereza ndondomeko yoti mtengowu uzikwera chaka ndi chaka mpaka 2027. Magetsi otchipa anatha, koma makina ogulidwa m'nyengo ya magetsi otchipa akadali m'mafakitale ndi m'magalaja ambiri.

Masamu a jenereta

Chilala cha 2024 chinaposa cha 2015 ndi cha 2019. Pa 29 February chaka chimenecho Pulezidenti Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Bungwe la Zambezi River Authority linapereka madzi okwana makiyubiki mita 16 biliyoni okha kuti maiko a Zambia ndi Zimbabwe agawane popanga magetsi pa Kariba, ndipo pofika miyezi yotentha, mwa makina asanu ndi limodzi a tsidya la Zambia, amodzi okha ndiwo ankazungulira. Mtolo waukulu unatsalira mtsinje wa Kafue, womwe nawonso madzi ake anali ochepa. Kuzimitsa magetsi kunayamba ndi maola asanu ndi atatu m'mwezi wa March, n'kumawonjezekera mpaka kufika pa maola 21.

Wamalonda aliyense amene anali ndi ndalama anagula jenereta. Masamu ake ndi awa. Lita imodzi ya dizilo ikapsa imatulutsa mpweya wa kaboni wolemera pafupifupi makilogalamu 2.7, ndipo jenereta yaing'ono kapena yapakati imapereka mayuniti pafupifupi atatu a magetsi pa lita imeneyo. Choncho yuniti iliyonse ya pa jenereta imabwera ndi mpweya woipa wotsala pang'ono kukwana kilogalamu imodzi, zomwe sizisiyana kwenikweni ndi magetsi a malasha. Mtengo wa dizilo m'chaka chimenecho unali pafupifupi K30 pa lita, kutanthauza kuti yuniti imodzi inkadya pafupifupi K10, osawerengera oilo, zipangizo ndi makaniko. Ndalamayi ndi yochuluka kangapo kuposa ya yuniti ya ZESCO.

Tanthauzo lake ndi lakuti mota yakale yomwe imataya gawo limodzi mwa magawo asanu a magetsi ake inali vuto laling'ono pa bilu ya ZESCO, koma pa jenereta inasanduka dzenje lomwe ndalama ndi dizilo zimalowamo tsiku ndi tsiku. Amalonda omwe anapulumuka bwino m'chaka chimenecho si okhawo omwe anali ndi jenereta yaikulu. Analinso omwe ntchito yawo inkafuna magetsi ochepa pa katundu yemweyo.

Makampani akuluakulu, makamaka a migodi, omwe amagwiritsa ntchito pafupifupi theka la magetsi onse a m'dziko la Zambia, anatsata njira ina: anagula magetsi ochokera kunja kudzera m'mgwirizano wa Southern African Power Pool. Nayo ZESCO inagula kunja, ndipo chakumapeto kwa 2024 Energy Regulation Board inavomereza mtengo wapadera wa nthawi ya ngozi kuti ndalama zogulira magetsiwo zipezeke. Koma gawo la magetsi ogulidwa kumwera ndi la malasha a kampani ya Eskom. Utsi wake sunaoneke ku Kafue, koma unatuluka ndithu.

Chitsulo ndi feteleza

Mafakitale awiri a ku Kafue akuonetsa bwino mbali ziwiri za nkhaniyi.

Yoyamba ndi fakitale ya zitsulo ya Kafue Steel, ya kampani ya Universal Mining and Chemical Industries ya m'gulu la Trade Kings, yomwe inayamba ntchito chakumapeto kwa zaka za m'ma 2000. Fakitaleyi imasungunula zitsulo zakutha m'ng'anjo ya magetsi n'kupanga zitsulo zomangira nyumba. Padziko lonse, chitsulo chopangidwa kuchokera ku miyala m'ng'anjo ya malasha chimatulutsa matani oposa awiri a mpweya wa kaboni pa tani iliyonse, pomwe chopangidwa ndi zitsulo zakutha m'ng'anjo ya magetsi chimatulutsa osakwana tani imodzi. Magetsiwo akakhala a madzi, chiwerengerocho chimatsikanso kwambiri. Kunena zoona, anyamata okankha mawilibala a zitsulo zakutha m'makomboni a Lusaka ali m'gulu la anthu omwe akuchepetsa mpweya woipa kuposa ambiri ovala masuti pa misonkhano, ngakhale palibe amawatchula.

Koma ng'anjo yotere imafuna mayuniti pafupifupi 400 pa tani iliyonse ya chitsulo, ndipo imawafuna mosadukiza. Chitsulo chosungunuka sichidikira. Magetsi akathima pakati pa ntchito, kutentha konse komwe kunalowa kale kumatayika, ndipo akabwera ntchito imayambiranso pansi. Mfundo imeneyi imaiwalika kawirikawiri: kuzimitsa magetsi kumachititsa kuti fakitale iliyonse yotenthetsa zinthu, kaya ya zitsulo, ya buledi kapena ya mapulasitiki, idye magetsi ochuluka pa katundu wochepa. Ndondomeko yodalirika, yomwe mwini fakitale akudziwa ola lomwe magetsi apite ndi lomwe abwere, payokha ndi njira yosamala magetsi.

Palinso funso lina lomwe makampani a zitsulo m'chigawo chino akukumana nalo. Zitsulo zakutha zimachepa, ndipo njira yolowa m'malo mwake ndiyo kutenga miyala ya chitsulo, monga ya ku phiri la Sanje kumadzulo kwa Lusaka, n'kuiwotcha ndi malasha. Njirayi imapatsa dziko chitsulo chakechake ndiponso ntchito, koma imabwezera utsi womwe ng'anjo ya magetsi inachotsa.

Fakitale yachiwiri ndi NCZ. Inamangidwa kuti izipanga amoniya, yemwe ndi tsinde la feteleza wobereketsa ndi zophulitsira miyala m'migodi, kuchokera ku malasha a ku Maamba. Pa nthawiyo nzeruyi inali yomveka, chifukwa Zambia ilibe gasi wachilengedwe koma malasha ili nawo. Vuto ndi lakuti njira ya malasha imadya mphamvu zochuluka ndipo imatulutsa mpweya wa kaboni pafupifupi kawiri kuposa njira ya gasi. Malonda atamasulidwa m'zaka za m'ma 1990, feteleza wa ku Kafue anayenera kupikisana ndi wochokera ku maiko a gasi wotchipa, makina ali okalamba ndiponso ndalama zokonzera palibe. M'kupita kwa zaka makina opangira amoniya analeka kugwira ntchito. Utsi unachepa, inde, koma unachepa chifukwa ntchito inachepa, ndipo mabanja a ku Kafue Estates omwe anadikira malipiro ndi ndalama zopumira ntchito kwa zaka sangakuuzeni kuti chimenecho ndi chipambano cha chilengedwe.

Ku Zimbabwe kunachitika zofanana mwa njira ina. Fakitale ya Sable Chemicals ya ku Kwekwe inkapanga amoniya pogwiritsa ntchito madzi ndi magetsi a ku Kariba, njira yopanda utsi yomwe maiko olemera akuitamanda lero ngati yatsopano. Inatseka makinawo mu 2015 magetsi atachepa ndi kukwera mtengo. Fakitale ina inagwa ndi malasha, ina inagwa ndi magetsi. Zonse ziwiri zinamangidwa poganiza kuti mphamvu yotchipa sidzatha.

Pomwe magetsi amatayikira

M'mafakitale ambiri padziko lonse, pafupifupi magawo asanu ndi awiri mwa magawo khumi a magetsi amadyedwa ndi mamota: oyendetsa mapampu, mafani, makina opopa mpweya, malamba onyamula katundu ndi zigayo. Mota yambiri imazungulira pa liwiro limodzi usana wonse, kaya ntchito ndi yambiri kaya ndi yochepa, ndipo wantchito akafuna kuchepetsa madzi amangotseka vavu, mota ikulimbanabe. Pali kachipangizo kosintha liwiro la mota, ndipo pa pampu kapena fani, kuchepetsa liwiro ndi gawo limodzi mwa magawo asanu kumachepetsa magetsi ndi pafupifupi theka. Paipi ya mpweya wopopedwa yomwe ikuchita mluzu pakona ya fakitale, yomwe aliyense anaizolowera, ingathe kutaya gawo limodzi mwa magawo anayi a mpweya wonse. Kuikonza kumafuna sipanala ndi munthu wopatsidwa udindo, osati ngongole ya kubanki.

Palinso chinthu chomwe akatswiri amachitcha power factor. Mamota, makamaka akale ndi aakulu mopitirira ntchito yawo, amakoka magetsi ochuluka m'nthambo kuposa omwe amawasandutsa ntchito, motero amadzaza nthambo ndi mathiransifoma pachabe. Malamulo a kayendetsedwe ka magetsi ku Zambia amafuna kuti makasitomala akuluakulu asatsike pa mlingo wa 0.92, ndipo mankhwala ake ndi makapasita oikidwa pafupi ndi makinawo. Makasitomala akuluakulu alinso ndi mwayi wolipira mtengo wotsika akagwira ntchito usiku kwambiri m'malo mwa madzulo, nthawi yomwe dziko lonse likuphika.

Zonsezi si zachilendo kwa mainjiniya. Chosowa ndi muyeso. Fakitale yambiri ili ndi mita imodzi pachipata, ndipo bilu ikabwera imapita kwa wowerengera ndalama, yemwe amalipira n'kuiika m'failo. Palibe amene akudziwa kuti makina ati akudya zingati, kapena kuti thumba limodzi la katundu latenga mayuniti angati mwezi uno poyerekeza ndi mwezi watha. Muyezo wa padziko lonse wa ISO 50001, womwe unatuluka mu 2011, mutu wake ndi womwewu: yezani, ikani munthu woyankhapo, yezaninso. Kampani yosayeza imagula jenereta yaikulu kuposa yomwe ikufunika, kenaka imagula mapanelo a sola ochuluka kuposa omwe akufunika, kuti idyetse makina omwe akutaya.

Amalonda ang'onoang'ono

Kuchokera pomwe mafakitale a boma anafooka, ndipo fakitale ya nsalu inagonja kwa salaula ndi nsalu zotchipa zochokera kunja, anthu ambiri a ku Kafue amadalira malonda awoawo: kuwotcherera zitsulo, zigayo, mabutchala, kugulitsa nsomba za mumtsinje wa Kafue, kumeta, kuphika buledi, kuweta nkhuku. Amenewa salembedwa m'malipoti a mpweya wa kaboni, koma ndiwo amapwetekedwa msanga.

Wogulitsa nsomba ali ndi firiji yakale yomwe mphira wa pachitseko unatha. Firijiyo imalira osapuma, ndipo magetsi akathima nsomba zimasungunuka msanga kuposa za mnzake yemwe chitseko chake chimatseka bwino. Wowotcherera zitsulo ali ndi makina okulungidwa pamanja omwe amadya magetsi ngakhale asakuwotcherera, pomwe makina amakono ang'onoang'ono amagwira ntchito yomweyo ndi magetsi ochepa, moti amatha kuyenda ndi jenereta yaing'ono. Babu la LED la mawati 9 limawala mofanana ndi babu lakale la mawati 60, ndipo pa ichi boma linachitapo kanthu: linaletsa kuitanitsa mababu akale kuyambira mu January 2017, ndipo ZESCO inagawapo mababu osadya magetsi.

Koma woweta nkhuku ndi wophika nsima pamsika magetsi akathima sathamangira ku jenereta. Amathamangira ku makala, omwe anthu a ku Lusaka ndi ku Kafue amawatchula kuti malasha, dzina lomwe ku Malawi ndi la mwala wakuda wokumbidwa pansi. Uvuni wa dothi umadya makilogalamu asanu mpaka khumi a nkhuni kuti utulutse kilogalamu imodzi ya makala. Gawo lalikulu la mpweya woipa wa dziko la Zambia silichokera m'machumuni a mafakitale, koma ku nkhalango zodulidwa ndi zotenthedwa. Mu April 2024 boma linaimitsa zilolezo zowotchera makala m'maboma a Mumbwa, Itezhi-Tezhi ndi Shibuyunji, omwe ali m'chigwa cha mtsinje wa Kafue, pa nthawi yomweyo yomwe kuzimitsa magetsi kunkakankhira mabanja ndi amalonda ku mbaula. Mitengo ya m'chigwacho ndiyo imasunga madzi oyendetsa makina a Kafue Gorge. Magetsi akachepa mitengo imagwa, ndipo mitengo ikagwa mitsinje imaphwa msanga.

Zomwe boma lachita, ndi zomwe zatsalira

Sitinganene kuti boma langokhala. Mu 2019 malo awiri a magetsi a dzuwa anatsegulidwa kumwera kwa Lusaka: Bangweulu a mamegawati 54 ndi Ngonye a mamegawati 34, ndipo mtengo wa magetsi a Bangweulu, masenti asanu ndi limodzi a ku America pa yuniti, unali m'gulu la mitengo yotsikitsitsa mu Africa pa nthawiyo. Mu 2021 unakhazikitsidwa unduna woona za chuma chosawononga chilengedwe. Mu 2024 anatuluka malamulo olola munthu kapena kampani yokhala ndi mapanelo a sola kubwezera magetsi otsala m'nthambo za ZESCO n'kuchotseredwa pa bilu, ndiponso olola kampani kugula magetsi kwa wopanga wina aliyense n'kuwadutsitsa m'nthambo zomwezo. Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la kusintha kwa nyengo, lomwe likukhudzanso malonda a kaboni. Mu June 2025 malo a magetsi a dzuwa a mamegawati 100 anatsegulidwa ku Chisamba. Zipangizo zambiri za sola zimalowa m'dziko popanda msonkho. Pansi pa pangano la ku Paris, Zambia inalonjeza kuchepetsa mpweya woipa ndi 25 peresenti pofika 2030, kapena 47 peresenti ikalandira thandizo lokwanira lochokera kunja.

Woyang'anitsitsa aona kuti pafupifupi zonsezi ndi za kupanga magetsi ena. Za kusamala omwe alipo n'zochepa. Chifukwa chake n'chodziwikiratu: malo a sola amatsegulidwa ndi riboni, nyimbo ndi makamera, pomwe palibe nduna yomwe inaitanidwapo kukadula riboni pa paipi yomwe yaleka kutaya mpweya. Komatu yuniti yopulumutsidwa m'fakitale imapezeka lero, usana ndi usiku, ndipo siifuna nthambo zatsopano. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Sola wopanda mabatire amathandiza chigayo masana, koma sangayendetse ng'anjo ya zitsulo pakati pa usiku.

Chopinga chachikulu ndi ndalama. Mu 2024 mabanki a ku Zambia ankabwereketsa pa chiwongoladzanja choposa 20 peresenti. Pa mtengo wotere, mota yatsopano yomwe ingabweze ndalama zake m'zaka zitatu imaoneka ngati chinthu chapamwamba, pomwe jenereta, ngakhale ndi yodula kuiyendetsa, imagulidwa tsiku lomwelo chifukwa popanda iyo shopu itsekedwa mawa. Banki nayo imamvetsa ngongole ya galimoto kapena ya nyumba, zomwe ingathe kulanda. Siidziwa kuti ingalande bwanji magetsi omwe sanagwiritsidwe ntchito. Mabungwe monga Zambia Association of Manufacturers akhala akudandaula za kuchepa kwa magetsi ndi mitengo yake, ndipo madandaulo awo ndi omveka. Akanakhala ndi mphamvu yoposa akanabwera pamodzi ndi ziwerengero zoonetsa kuti mamembala awo achepetsa mayuniti angati pa tani iliyonse ya katundu.

Msika wakunja nawo wayamba kufunsa. Bungwe la maiko a ku Ulaya la European Union linakhazikitsa ndondomeko yolipiritsa katundu wolowa m'maiko ake malinga ndi mpweya wa kaboni womwe unatuluka pomupanga. Nthawi yongopereka malipoti inayamba mu October 2023, ndipo gawo lolipira linaikidwa kuti liyambe mu January 2026. Katundu wokhudzidwa ndi monga zitsulo, aluminiyamu, simenti ndi feteleza. Zitsulo ndi feteleza wa ku Kafue msika wake ndi wa kuno, osati wa ku Ulaya, choncho msonkhowu suwagunda mwachindunji. Omwe ankayembekezeka kugundidwa kwambiri m'chigawo chino ndi South Africa ndi aluminiyamu wa ku Mozambique. Koma makampani a migodi omwe amagula katundu wa m'mafakitale a ku Zambia amafunsidwa ndi ogula awo za utsi wa chilichonse chomwe agwiritsa ntchito, ndipo funsolo limatsika mpaka kwa wogulitsa wamng'ono. Zambia, ndi magetsi ake a madzi, ikanakhala ndi yankho labwino kuposa maiko oyandikana nayo, chikhala kuti madziwo ndi odalirika.

Anthu a ku Malawi nkhaniyi akuidziwa. Magetsi awo ambiri amachokera mumtsinje umodzi wa Shire. Madzi atachepa, mu 2018 dzikolo linabwereka majenereta a dizilo a kampani ya Aggreko pa mtengo wokwera, ndipo mu January 2022 namondwe wa Ana anawononga damu la Kapichira n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Ku Blantyre ndi ku Kanengo, monga ku Kafue, magetsi a madzi akalephera cholowa m'malo chinali dizilo ndi makala.

Ku Zambia yankho lalikulu la chilala cha 2024 linayamba kumangidwa ku Maamba, komwe kunkachokera malasha a NCZ. Malo opangira magetsi ndi malasha kumeneko akhala akutulutsa mamegawati 300 kuyambira 2016, ndipo mu 2024 ntchito yowonjezera mamegawati ena 300 inayambika, ndalama zina zikuchokera ku thumba la penshoni la NAPSA. Ndi ochepa omwe anakhala maola 21 mumdima amene angatsutse ntchitoyi. Koma yuniti iliyonse yochokera ku Maamba imabwera ndi mpweya wa kaboni pafupifupi kilogalamu imodzi, ndipo gawo la malasha likamakula m'nthambo za ZESCO, mota yakale ya ku Kafue, yomwe kale inkangotaya madzi a mumtsinje, idzakhala ikutayanso malasha. Pa chaka cha 2025 Zambezi River Authority inakweza madzi a Kariba opangira magetsi kufika pa makiyubiki mita 27 biliyoni, kuchoka pa 16 biliyoni, koma kuzimitsa magetsi kunapitirirabe chaka chonsecho.